Mafuta a olivi ndi viniga wakuda: pezani wogula musanakwere basi

Chaka chikamapita kumapeto, abale a ku Joni amayamba kufunsa pa WhatsApp kuti akutengereni chiyani choti mudzagulitse. Ena mwa inu mumapita nokha kukaoda. Pambali pa mabulangete, nsapato ndi mafuta odzola, masiku ano m'zikwama mukumapezekanso zinthu ziwiri zimene kale tinkangoziona m'mahotela: mafuta a olivi, aja Baibulo limawatcha a azitona, ndi viniga wakuda wotchedwa balsamic. Kodi wa golosale ku Mponela, ku Madisi, kwa Malomo kapena pa boma la Ntchisi angapindule nazo?

Angapindule, koma pokhapokha wogula atapezeka kale. Uyu si katundu woika pa shelefu n'kumadikira odutsa.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ambiri amagwera pamenepa. Mitengo iyi ndi yongoyerekeza, inu muikepo yanu. Tinene kuti mwabweretsa mabotolo 12 a mafuta a olivi, ndipo mutawerengera kugula, kunyamula ndi msonkho, lililonse lakufikirani pa K25,000. Mpamba wonse ndi K300,000. Mukagulitsa pa K32,000, papepala phindu ndi K84,000. Koma botolo limodzi likasweka m'basi, phindu latsika kufika pa K52,000. Mabotolo 11 otsalawo akatenga miyezi inayi kuti athe, ndiye kuti mukupeza K13,000 pa mwezi. Tsopano K300,000 yomweyo muiike m'zigubu za mafuta ophikira wamba oyeza m'timabotolo. Ngakhale mutamapindula K5 yokha pa K100 iliyonse, katunduyo akamatha sabata ndi sabata mukupeza K15,000 pa sabata, K60,000 pa mwezi. Phindu la pa botolo limakopa maso, koma wamalonda amadya kuthamanga kwa ndalama.

Nanga ogula ndi ndani kuno kwathu? Mayi amene akukazinga mandasi kapena mnyamata wa pa chiwaya sangasiye Kukoma ndi Mulawe, ndipo akulondola. Dowa ndi Ntchisi ndi maboma a soya, mtedza ndi mpendadzuwa, ndipo lilime la kuno linazolowera mafuta a mbewu zimenezi ndi nsinjiro. Ogula anu ndi ochepa, mungathe kuwalemba m'kope. Alipo ophika m'malo ogona alendo ndi ochitira misonkhano ku Mponela, komanso malo olandira alendo obwera kudzaona nkhalango ya Ntchisi. Alipo ogwira ntchito m'mabungwe ndi eni malesitilanti ena ku Dzaleka. Alipo amasaluni amene amafuna mafutawa opaka tsitsi, ndi amipingo amene amawafuna odzozera. Magulu awiri omalizawa amafuna timabotolo ting'onoting'ono, ta 100ml kapena 250ml, osati lita. Pitani mukacheze nawo musananyamuke, mumve kukula kwa botolo ndi mtundu umene akufuna, ndipo ngati n'kotheka alipire theka.

Kumbukiraninso kuti ambiri mwa anthu amenewa amapitapita ku Lilongwe, kumene masitolo akuluakulu amagulitsa katundu yemweyu. Mtengo wa m'tauni ndiwo denga lanu. Ngati katundu wakufikirani pamtengo wofanana ndi wa ku Gateway Mall, ulendowo unali wongokaona dziko.

Mukafika m'sitolo ku Johannesburg, werengani zolembedwa pa botolo, kumaso ndi kumbuyo komwe. Mafuta apamwamba amalembedwa kuti extra virgin: amafinyidwa ndi makina popanda mankhwala, ndipo amanunkhira ngati udzu wongomweta kumene, n'kuwawa pang'ono pakhosi. Olembedwa kuti olive oil basi, kapena pure, kapena light, ndi oyengedwa m'fakitale n'kusakanizidwa ndi apamwamba pang'ono. Olembedwa kuti pomace amachokera ku zotsalira pofinya, ndipo ndiwo otsika mtengo kwambiri. Palinso olembedwa kuti blend, okhala ndi chithunzi chachikulu cha zipatso za olivi pomwe mkati mwake ambiri ndi a mpendadzuwa kapena a canola. Onsewa amagulitsidwa movomerezeka, ndipo wa saluni sangadandaule ndi pomace. Koma wophika ku hotela ukamugulitsa blend pamtengo wa extra virgin, sadzakuimbiranso foni, ndiponso adzauza anzake.

Mtengo wa mafutawa sukhazikika, ndipo gwero lake lili kutali. Spain ndilo dziko limene limapanga mafuta a olivi ochuluka kuposa ena onse. Chilala chitavuta kumeneko mu 2022 ndi 2023, zokolola zinatsika kwambiri ndipo mitengo inakwera padziko lonse, kenako inayamba kutsika mvula itabwerera. Kuno tili ndi vuto lathu lapadera: kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho poika mtengo musawerengere randi imene munagulira dzana, werengerani imene mudzagulire pobwereza katundu. South Africa nayo imalima olivi ku Western Cape, ndipo mafuta a kumeneko ndi abwino. Ayerekezeni ndi a ku Spain ndi Italy musanasankhe.

Viniga wakuda uja kwawo ndi ku Modena ndi Reggio Emilia m'dziko la Italy. Amapangidwa ndi madzi a mphesa owiritsidwa, n'chifukwa chake amawawasa n'kumatsekemera. Weniweni wachikale amakhala m'migolo yamatabwa zaka zosachepera 12, ndipo amagulitsidwa m'timabotolo ta 100ml pamtengo woti mungagulire mbuzi. Ameneyo musiyeni, alibe msika kuno. Amene mudzamupeze m'masitolo ambiri ndi wolembedwa kuti Aceto Balsamico di Modena, wokhala ndi chizindikiro cha IGP. Uyu ndi wosakaniza madzi a mphesa ndi viniga wa vinyo, ndipo lamulo lake limangofuna kuti akhale masiku osachepera 60. Palinso ongotengera, viniga wamba wothira shuga ndi zodetsa. Ubwino wa viniga ndi woti saonongeka msanga. Kuipa kwake ndi komweko: botolo limodzi limakhala m'khitchini miyezi yambiri, choncho kasitomala wa lero mudzamuonanso chaka chamawa. Anyamata a chipisi amathira viniga woyera wotchipa pa saladi ya kabichi, ndipo sangasinthe. Mabotolo awiri kapena atatu pa ulendo ndi okwanira, ndipo akhale oitanitsidwa.

Tsopano ulendo. Basi yochokera ku Joni imadutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete isanalowe pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo katundu amatsitsidwa n'kukwezedwanso m'zipata. Ngati zilipo zitini, tengani zitini m'malo mwa galasi. Ngati ndi galasi, matani chivindikiro ndi selotepi, botolo lililonse mulimange m'jumbo yakeyake, kenako mulikulunge m'zovala pakati pa chikwama. Osaliika pamodzi ndi mabulangete ogulitsa: lita imodzi ikatayika imaononga katundu woposa mtengo wake. Obwera pa ndege kudzatera ku Lumbadzi adziwe kuti m'kachikwama ka m'manja saloleza zamadzi zoposa 100ml pa botolo, ndipo m'sutikesi botolo lagalasi la lita imodzi limadya kilogalamu yoposa imodzi pa sikelo yanu.

Pa chipata, a MRA amasiyanitsa katundu wa pakhomo ndi wa malonda. Botolo limodzi kapena awiri opita kwa amayi kumudzi si nkhani. Katoni yonse ndi malonda, muionetse ndipo mulipire msonkho. Sungani malisiti, chifukwa popanda lisiti mtengo amakuikirani ndi iwo. Apa pali chinthu chimene ambiri sachimvetsa. Ndondomeko zochepetsa msonkho, monga ija ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono imene ambiri amaigwiritsa ntchito pa Mchinji, zimayang'ana kumene katundu anapangidwa, osati kumene mwamugula. Mafuta a ku Spain ogulidwa ku Chipata kapena ku Lusaka akadali a ku Spain. Chimodzimodzi viniga wa ku Modena wogulidwa ku Johannesburg sasanduka katundu wa SADC. Katundu akachuluka, a Malawi Bureau of Standards nawo amafuna kumuona chifukwa ndi chakudya. Ndipo malamulo amasintha: mu Malichi 2025 boma linaletsa kuitanitsa zakudya zina monga uchi, chiponde ndi adyo. Funsani pa ofesi ya MRA za katundu wanu yense musanatumize ndalama.

Akafika, adani a mafuta a olivi ndi atatu: dzuwa, kutentha ndi mpweya. N'chifukwa chake amabwera m'mabotolo akuda kapena m'zitini. Musawayale pa benchi padzuwa ngati tomato, ndipo musawagawe m'timapepala kapena m'mabotolo a Sobo, chifukwa amayamba kununkha ngati mtedza wovunda. Onani tsiku lothera musanalipire. Nthawi zambiri amapatsidwa chaka ndi theka kapena zaka ziwiri kuchokera pamene anathiridwa m'botolo, ndipo aja otsitsidwa mtengo kwambiri kawirikawiri amakhala atatsala ndi miyezi yochepa.

M'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, kuzizira kwa Juni ndi Julayi kungachititse mafutawa kuoneka ngati mitambo kapena kugwirana pansi pa botolo. Sanaonongeke, akafunda amayeranso. Muuzeni kasitomala zimenezi pogulitsa, asadzabwere nalo botolo atalitsegula kale kufuna ndalama zake.