Kuphunzitsa Kufotokoza Cinthu: Kapalasabwato wa m'Cithaphwi

Ana ambiri a Giredi 5 ndi 6 akauzidwa kuti afotokoze cinthu, amangolemba kuti “nʼcabwino” kapena “nʼcacingʼono”, napereka kope. Vuto siliri pa kusowa mau ai. Liri pa kusapenyetsetsa. Motero phunziro ili likhazikika pa kacirombo kamene ana amakapitirira tsiku ndi tsiku mʼzithaphwi za kudambo osakalabadira.

Zoyenera kudziwa mphunzitsi

Kacirombo aka Azungu amakacha water boatman, ndipo asayansi amati banja lace ndi Corixidae. Muno tidzakacha kapalasabwato, dzina lopangidwa monga linapangidwira dzina la kadyamsonga. Koma yambani mwafunsa ana ndi akuluakulu a mʼmudzi. Ngati ali nalo dzina lao, gwiritsani nchito lomwelo.

Kapalasabwato ndi mbale wace wa nsikidzi ndi nyenje. Ilipo mitundu yoposa 500 pa dziko lonse, mʼmaiko otentha ndi ozizira omwe, ndipo ina imatha kukhala ngakhale mʼmadzi amcere. Ambiri saposa mamilimita 15 kutalika kwao. Thupi lace ndi laphanthiphanthi, lodera, la timizere topingasa pamsana. Amakonda madzi odikha ndi osaya, okhala ndi zomera ndi matope pansi.

Cofunika kupenyetsetsa ndi miyendo, pakuti isanu ndi umodziyo siigwira nchito imodzi. Iwiri yakutsogolo ndi yaifupi, yonga tizipande, ndipo ndiyo imakokolola ndere ndi zinyalala zowola nʼkuziika kukamwa; mitundu ina imadyanso tizirombo tofewa, monga mphutsi za udzudzu. Iwiri yapakati ndi yaitali, ya zikhadabo zogwirira udzu. Iwiri yakumbuyo ndiyo nkhafi: ndi yaphanthi, ya ubweya mʼmbali, ndipo imapalasa yonse pamodzi. Kapalasabwato alibe makha monga nsomba. Amakwera pamwamba, natenga mpweya umene amausunga kunsi kwa mapiko ndi pamimba, ndipo mpweyawo ndiwo umacititsa mimba yace kunyezimira ngati siliva. Komanso umampepuza, kotero kuti akangotaya udzu umene wagwira, amayandama. Nʼcifukwa cace mudzamuona atakangamira pansi.

Wamkazi amamata mazira pa mapesi a zomera za mʼmadzi. Ana amaswa ali ofanana ndi makolo ao koma opanda mapiko, nafundula kasanu asanakule. Wamkulu amauluka, makamaka usiku, ndipo cithaphwi cikayamba kuphwa mʼcirimwe amasamukira kwina. Nthawi zina amagwera pa nyale kapena pa malata onyezimira, powayesa madzi. Adani ace ndi nsomba, acule, mbalame ndi ana a tombolombo.

Amuna amaimba pokhuza ziwalo za thupi lao poitana akazi. Mʼcaka ca 2011 asayansi a ku France ndi ku Scotland anayeza kulira kwa mbale wace wa ku Ulaya wochedwa Micronecta scholtzi, wa mamilimita 2 okha, napeza kuti kumafika pa madesibelo 99. Munthu woima pagombe amakumva, kacirombo kali pansi pa mtsinje. Ku Mexico anthu amamiza mitolo ya udzu mʼnyanja ya Texcoco kuti tizirombo iti tiikirepo mazira, ndipo mazirawo, ochedwa ahuautle, akhala akudyedwa kuyambira nthawi ya Aaziteki. Ana amene amadya inswa ndi mafulufute sayenera kudabwa nazo, ngakhale adzaseka ndithu.

Cenjezo

Musatume ana kukalowa mʼcithaphwi. Madzi odikha amene kapalasabwato amakonda ndi omwenso mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizirombo ta likodzo timalowa pakhungu popanda munthu kumva kanthu. Pitani nokha dzulo lace, mumangirire sefa ku ndodo yaitali, mukokere mʼudzu muli ciimire pamtunda. Ikani zimene mwagwira mʼbotolo loyera la pakamwa papakulu, mutathiramo madzi a komweko ndi kaudzu kogwirapo. Ana ayangʼane, asapise dzanja. Phunziro likatha, kabwezeni tizirombo kumene munatitenga.

Mʼsefa momwemo mungathe kukodwa kacirombo kena kofanana naye, ka banja la Notonectidae. Iko kamasambira cagada, kamasaka nyama, ndipo kamaluma mopweteka ngati njuci. Kapalasabwato amasambira cafufumimba ndipo kawirikawiri saluma munthu. Mukagwira onse awiri mwacita mwai, pakuti mau awiriwa, cagada ndi cafufumimba, ana sadzawaiwalanso.

Kaphunzitsidwe

Gawani ana mʼmagulu, gulu liri lonse lione botolo kwa mphindi zisanu muli cete. Apa ndi pamene aphunzitsi ongoyamba nchito amalephera: cete amawaopsa, nayamba kukhuthula zonse zimene anawerenga. Dziletseni. Kenaka funsani mafunso ofuna maso: Kodi miyendo yonse ndi yofanana? Akwera pamwamba kukacita ciani? Akaleka kupalasa cicitika nʼciani? Lembani pabolodi aneni amene ana apereka, monga kupalasa, kumira, kuyandama, kukangamira, kunyezimira. Mwana akati “apita pansi”, musamkanire, koma funsani anzace ngati alipo mneni mmodzi wonena zomwezo, kufikira wina ati “amira”. Landiraninso mivekero imene apeka okha.

Pofika pa kulemba, yembekezani colakwa cimodzi. Mau akuti kacirombo ali mʼgulu la ka- ndi ti-: kacirombo aka kamira, tizirombo iti tamira. Koma kapalasabwato amayenda ndi kalulu ndi kadyamsonga: kapalasabwato uyu wamira, akapalasabwato awa amira. Ana adzasakaniza ziwirizi mʼciganizo cimodzi. Musathamangire colembera cofiira. Afunseni ngati anamvapo agogo ao akunena kuti “kalulu kafika”, ndipo khutu lao lidzawaongola.

Mwana ali yense alembe ziganizo zisanu ndi zitatu zofotokoza kapalasabwato kwa mngʼono wace amene sanamuonepo, popanda mau akuti “wabwino” kapena “woipa”. Nkhani ya ku Mexico muisungire kumapeto, makope atasonkhanitsidwa. Mukaikamba poyamba, onse adzalemba za mazira.