PHUNZIRO 7: KODI FONI INGATHANDIZE MUNTHU WOVUTIKA MAGANIZO?

Masiku ano kuli mapulogalamu ambiri a pa foni amene eni ake amati amachepetsa nkhawa, kusowa tulo ndiponso matenda a kukhumudwa. Ena amaphunzitsa kapumidwe kotsitsa mtima pansi, ena amacheza ndi munthu ngati mnzake. Nzika yozindikira simangomeza zonena za wamalonda. M'phunziro lino tiwona zimene akatswiri a kafukufuku anapeza atayesa zipangizozi.

Kodi akatswiriwa amayesa bwanji? Amatenga anthu a vuto lofanana nawagawa pawiri mwa maere. Gulu lina limalandira pulogalamu, lina ayi. Pakapita nthawi onse amafunsidwa mafunso amodzimodzi. Tikamva kuti chinthu "chinayesedwa", tifunse kuti: pa anthu angati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo anachiyesa ndani?

Titenge chitsanzo. M'chaka cha 2017 ku America anayesa pulogalamu yocheza ndi anthu yotchedwa Woebot. Achinyamata 70 anagawidwa pawiri: ena ankacheza ndi Woebot, ena anangopatsidwa kabuku kofotokoza za matendawa. Ocheza ndi Woebot anapezako bwino. Komatu kuyesako kunali kwa masabata awiri okha, ndipo mmodzi mwa olemba zotsatirazo, Alison Darcy, ndi amene anayambitsa kampani ya Woebot. Mphunzitsi aliyense adziwa kuti mayeso a masabata awiri sakuuza ngati mwana adzakhoza kumapeto kwa chaka. Pulogalamuyi inatsekedwa mu June 2025.

Vuto lalikulu ndi lakuti anthu amagwa mphwayi msanga. M'chaka cha 2019 akatswiri ena anawunika mapulogalamu 93 otere. Anapeza kuti pa pulogalamu wamba, mwa anthu 100 amene anaiika mu foni, pafupifupi atatu okha ndi amene ankaitsegulabe patatha masiku 30. Izi n'zosadabwitsa. Munthu wokhumudwa amalemedwa ngakhale kudzuka pamphasa, kusamba kapena kudya. Nanga mphamvu zotsegula foni tsiku ndi tsiku payekha azitenga kuti?

N'chifukwa chake kafukufuku wa ku Lebanon ndi wofunika kumumvetsa bwino. Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse, WHO, pamodzi ndi unduna wa zaumoyo wa dzikolo, linakonza pulogalamu yotchedwa Step-by-Step. Ili ndi maphunziro asanu, ofotokozedwa ngati nthano ya zithunzi ya munthu wokhumudwa amene akuyambanso pang'onopang'ono kuchita zinthu zomukondweretsa ndi kucheza ndi anzake. Koma wodwala sasiyidwa yekha. Sabata iliyonse munthu wophunzitsidwa, amene si dokotala, amamuimbira foni kapena kumulembera uthenga kwa mphindi ngati 15, kumufunsa m'mene zikuyendera ndi kumulimbikitsa. Anaiyesa pa anthu 569 othawa nkhondo ya ku Syria, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Amene anailandira kukhumudwa kwawo kunachepa, ndipo ankagwira bwino ntchito za tsiku ndi tsiku kuposa anzawo aja. Ngakhale zinali choncho, pafupifupi theka la anthuwo sanabwere kudzayankha mafunso omaliza. Ine ndiwona kuti pamenepa foni inali ngati bolodi ndi choko: zimathandiza pakakhala munthu woima pafupi.

Palinso nkhani ya chinsinsi, ndipo iyi ikukhudza ufulu wathu. M'chaka cha 2023 bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linadzudzula kampani ya uphungu wa pa intaneti ya BetterHelp kuti inkapereka mbiri ya odwala kwa makampani monga Facebook ndi Snapchat pofuna kutsatsa malonda, chonsecho inalonjeza kusunga chinsinsi. Kampaniyo inavomera kulipira madola 7.8 miliyoni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanalembe zakukhosi kwanu mu foni, dziwani kaye amene adzaziwerenge.

Munthu akayamba kulankhula zodzipha, musamutumize ku foni. Khalani naye, ndipo mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Zokambirana m'magulu

1. Kodi m'dera lathu munthu wovutika maganizo amayamba kuuza ndani?
2. Wina atabwera ndi pulogalamu yotere pamsonkhano wa m'mudzi, tingamufunse mafunso otani tisanavomere?