Masamu a magetsi amene angapulumutse mpamba wanu

Pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, si matemba ndi milamba yokha imene imabweretsa ndalama. Alipo otchaja mafoni, ometa ndi oonetsa mpira pa kanema, ndipo ambiri mwa iwo amadalira sola ndi batire. Dandaulo lawo limafanana: batire latsopano kufa miyezi yochepa, mababu kuyaka mwaulesi, mawaya kutentha. Nthawi zambiri vuto limakhala masamu amene sanachitike pogula.

Pa chipangizo chilichonse chamagetsi pamakhala kachikalata kolembedwa V, A kapena W. Amene anaonapo ngalande za mpunga pa sikimu ya Likangala savutika kumvetsa. Ma volts, kapena V, ali ngati mphamvu yokankha madzi. Ma amps, kapena A, ndi kuchuluka kwa madzi amene akudutsa. Ma ohms ndi kuthina kwa ngalande: ikathina, madzi amadutsa movutika. Ma watts, kapena W, ndi ntchito imene ikugwiridwa.

Malamulo ake ndi awiri. Loyamba: ma volts kuchulukitsa ndi ma amps, yankho lake ndi ma watts. Lachiwiri, limene katswiri wa ku Germany, Georg Ohm, anafalitsa mu 1827: ma volts kugawa ndi ma amps, yankho lake ndi ma ohms.

Mwachitsanzo, ketulo yolumikizidwa ku magetsi a ESCOM, omwe ndi 230 V, ikamakoka 10 A, mphamvu yake ndi 2,300 W ndipo ma ohms ake ndi 23. Yuniti imodzi ya ESCOM ndi 1,000 W kwa ola lathunthu, choncho ketuloyi imadya mayuniti 2.3 pa ola. Wa tiyirumu akachulukitsa chiwerengerochi ndi mtengo wa yuniti wa pa lisiti lake, adziwa ndalama imene ikupita pa kuwiritsa madzi asanaike mtengo wa kapu ya tiyi.

Kwa wodalira batire masamuwa ndi ofunika koposa. Batire la 12 V lolembedwa 100 Ah limasunga 1,200 Wh, kutanthauza ma watts 1,200 kwa ola limodzi. Koma batire la asidi silifuna kukamidwa mpaka kuuma. Loti likhalitse ligwiritsidwe theka lokha, ndiye kuti 600 Wh.

Tsono wa vidiyo sho awerengere chonchi. Kanema wa 40 W kwa maola 6 ndi 240 Wh. Mababu atatu a 5 W kwa maola 5 ndi 75 Wh. Mafoni 20, iliyonse itatenga 10 Wh, ndi 200 Wh. Zonse pamodzi ndi 515 Wh. Apa batire latsala pang'ono kufika pa malire, ndipo inveta nayonso imadyako gawo lake. Kuwonjezerapo filiji ya mafilizesi ndi kulikumbira manda batirelo.

Ngozi yaikulu ili pa zipangizo zotenthetsa. Ayironi ya 1,000 W imakoka pafupifupi 4.3 A pa magetsi a ESCOM. Ayironi yomweyo ikalumikizidwa ku batire la 12 V kudzera pa inveta, waya wochoka ku batire umanyamula ma amps oposa 83, chifukwa 1,000 kugawa ndi 12 ndi 83. Waya woonda sungapirire zimenezi: umatentha mpaka chikopa chake kusungunuka. Pamalo pamene pali zisakasa za udzu ndi bango, ndi madengu a nsomba zouma, moto wotere sutha pa benchi imodzi.

Waya wotchipa umabanso magetsi mwakachetechete. Waya wautali ndi woonda ukakhala ndi 0.5 ohms, n'kumadutsamo 5 A, umataya 2.5 V. Pa 12 V pamatsala 9.5 V, n'chifukwa chake mababu amayaka mwaulesi. Mphamvu yotayika ndi 2.5 kuchulukitsa ndi 5, yomwe ndi 12.5 W. Ma amps akafika 10, zotayika zimakwera kanayi kufika 50 W. Mankhwala ake ndi waya wonenepa wa kopa, waufupi, ndi fyuzi pafupi ndi batire.

Pogula sola, wamalonda ayang'ane kumbuyo kwake pamene palembedwa Vmp ndi Imp, achulukitse ziwirizo. Sola ya 100 W imaonetsa pafupifupi 18 V ndi 5.5 A, zomwe zimapereka 99 W. Ngati ziwerengero zili zomwezi koma pamwamba alemba 200 W, chikalatacho chikudzitsutsa chokha, ndipo ndalama ibwerere m'thumba. Akumbukirenso kuti sola ya 100 W, ikalandira dzuwa lamphamvu kwa maola 5, imapereka 500 Wh papepala pokha. Fumbi ndi mitambo zimachepetsako, choncho singabwezeretse 515 Wh zija tsiku ndi tsiku.

Nyanja ya Chilwa inaphwapo mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inauma. Nsomba zikasowa, mabizinesi a magetsiwa ndi ena mwa amene mabanja amatsamira, ndipo pa nthawi yotere ndalama yogulira batire lina sipezeka wamba. Foni iliyonse ili ndi kakyuleta, ndipo masamu onsewa satenga mphindi zisanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wamalonda awerenge kachikalata, achulukitse, agawe, kenako alipire.