Mwendo uphunziranso kuyenda

Ku Mualadzi, m'boma la Chifunde, kunali mnyamata wa zaka 7. Mwezi wa Disembala mango anapsa. Mnyamata uja anakwera mumtengo. Nthambi inathyoka, iye anagwa pansi. Fupa la msongolo linathyoka.

"Amayi, mwendo wanga!" analira.

Amayi ake sanaukoke mwendowo. Anaumanga ndi nsalu pakati pa timitengo tiwiri kuti usagwedezeke. Pa cipatala capafupi anamwino anawatumiza ku Tete. Galimoto inaoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel. Ku cipatala cacikulu ca Tete anajambula fupa ndi makina, nammanga cikhakha.

Adokotala anati, "Mayi, cikhakha ici cisanyowe. Pogona muziika phazi pa mtsamiro. Tsiku lililonse muziona zala zake."

Zala zimasonyeza ngati mitsempha ili bwino. M'mwendo muli mafupa, minofu ndi mitsempha. Mitsempha ina imayendetsa magazi. Ina imanyamula mauthenga. Munthu akaponda munga, uthenga umacoka kuphazi, nudzera kumsana mpaka kuubongo. Pamenepo amamva kupweteka. Akafuna kuyenda, uthenga umacoka kuubongo nutsikira kuminofu.

Mtsempha wa mauthenga waukulu kuposa yonse m'thupi uli m'mwendo. Mwa munthu wamkulu ndi wonenepa ngati cala cacikulu ca kudzanja. Umayambira kumunsi kwa msana. Umadutsa m'thako, nutsika kumbuyo kwa nchafu. Pafupi ndi bondo umagawika pawiri. Nthambi imodzi imatsikira kunsi kwa phazi. Ina imazungulira kumbali, m'munsi pang'ono mwa bondo, ndipo ndiyo imathandiza kudzutsa phazi. Ikapanikizika, phazi limalendewera ndipo zala zimakwekwereza pansi.

M'mawa uliwonse amayi ankakhudza zala za mwana wawo.

"Ukumva apa, mwanangu?"

"Ndikumva, amayi."

"Tazigwedeza."

Zala zisanu zonse zinagwedezeka.

Patapita masabata 6 anabwerera ku Tete. Cikhakha cinacotsedwa. Mwendo unali woonda, ndipo kakolo kanali kouma. Agogo ake aakazi, amene anaperekeza nawo, anagwira pakamwa.

"Mwendo wapuwala uwu! Mdzukulu wanga azingogona, asauvute."

M'cipindamo munali mayi wina amene nchito yake ndi kuphunzitsa ziwalo zovulala kugwiranso nchito. Nchito imeneyi m'Cipwitikizi amati fisioterapia. Mayiyo anayankha mwaulemu, "Agogo, fupa lalumikizana. Minofu yangofooka cifukwa yakhala nthawi yaitali osagwira nchito. Akamangogona, ifookeratu."

Anamukhazika pamphasa. Anamuonetsa kupinda bondo ndi kuliongola. Anamuonetsa kuzunguza phazi ngati akulemba o m'mwamba. Kenaka anakoleka citenje kunsi kwa phazi, mnyamata nakoka nsonga zake pang'onopang'ono. Tsiku loyamba misozi inatuluka.

"Kuwawa pang'ono kotere si koopsa," anatero mayi uja. "Koma kukabaya ngati mpeni, uleke, uuze amayi."

Kunyumba ankacita zimenezi m'mawa ndi madzulo. Asanayambe, amayi ankaika nsalu yofunda pa kakolo kuti kafewe. Phazi likatupa, ankaika nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, nalikweza pa thumba la cimanga. Agogo ndiwo ankawerenga: cimodzi, ziwiri, zitatu, mpaka khumi.

Poyamba anayenda ndi ndodo ziwiri. Kenaka ndi imodzi. Kenaka anagwira khoma, naima ndi zala, zidendene zili m'mwamba. Pofika nthawi yootcha mondokwa anapita kusukulu wopanda ndodo, akutsimphina pang'ono. Anzake anamuitana ku mpira. Iye anakhala pambali pa bwalo, cifukwa adokotala anali asanamulole kuthamanga.

Kwa makolo

Mwana wa cikhakha abwerere kucipatala tsiku lomwelo ngati zala zazizira, zatuwa, zacita dzanzi kapena sizikugwedezeka, ndiponso ngati ululu ukukulirakulira. Mwendo ukatupa m'kati, cikhakha cimathina nicipanikiza mitsempha. Pakamayabwa, asalowetse kamtengo. Paracetamol amacepetsa ululu, koma mlingo wake umatengera kulemera kwa mwana, ndiye afunsidwe anamwino. Jekeseni wa pathako abayidwe ndi wacipatala yekha, pakuti singano ikalasa mtsempha waukulu uja phazi likhoza kulemala. Mtsempha wa mauthenga ukavulala umacira mocedwa kuposa fupa: umaphuka pafupifupi milimita imodzi pa tsiku.

Mafunso

1. Amayi anacita ciani mwendo utathyoka?
2. Cifukwa ciani ankakhudza zala m'mawa uliwonse?
3. Lozani bondo, kakolo ndi cidendene.
4. Khalani pansi, mulembe o m'mwamba ndi phazi lanu.