Mapointi 24 sanakutsekereni njira

Wokondedwa Mlangizi,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Ntcheu, mbali ya ku Tsangano. Mayeso a Fomu 4 ndinakhoza ndi mapointi 24 pa CDSS ya kwathu. Dzina langa silinatuluke ku yunivesite, ndiye ndinalowa TTC. Mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi anapeza 11, lero akuphunzitsa ku yunivesite ndi kuchita kafukufuku. Inenso mtima wanga unali komweko. Kodi ndilembenso Fomu 4, kapena zanga zinathera pomwepo?

Mphunzitsi wodandaula, Ntcheu

Aphunzitsi,

Musanakalipire ndalama za mayeso, tione kaye ntchito ya mapointi amenewa. Pa MSCE, MANEB imapereka 1 ndi 2 kwa wokhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungodutsa. Amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi omwe munakhoza bwino koposa. Mayunivesite a boma amafuna ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, choncho n'kutheka kuti inu munali woyenera ndithu. Chimene chinakusiyani ndi kuchepa kwa malo: ofuna ndi ambirimbiri, ndiye amayambira kwa a mapointi ochepa mpaka malo atha. Chithetsere boma kota, yosankha ophunzira potengera kumene akuchokera, mu 2020, mapointi ndiwo akulamula kwambiri. Zimandiwawa kuti mwana wa ku CDSS yopanda labotale amaikidwa pa mzere umodzi ndi wa ku sukulu yogonera komweko. Amene anapeza 24 m'malo otero si mbuli.

Koma dziwani ichi. Sikuti mnzanu uja analembedwa ntchito chifukwa cha mapointi 11. Yunivesite ikamafuna mphunzitsi wongoyamba, amene amamutcha staff associate, imayang'ana digiri yake: kodi ndi ya credit kapena distinction? Kuti akhale lecturer weniweni pamafunika Masters, ndipo kukwezedwa kumadalira PhD ndi kafukufuku amene wasindikiza. Akafika pamenepo, za Fomu 4 sizikambidwanso. Mayeso amene muyenera kuwaopa ali kutsogolo kwanu.

Njira yanu ilipo, ingotalika. Aphunzitsi ambiri a pulayimale akwera kudzera ku Domasi College of Education ku Zomba. Kulinso Nalikule ku Lilongwe, ndi Mzuzu University yomwe ili ndi maphunziro ochita muli kwanu, kumangopita kusukulu nthawi zoikika. University of Malawi nayo imalandira anthu a madipuloma amene agwirapo ntchito. Mukafuna koleji yoima payokha, fufuzani kaye ngati NCHE inavomereza pologalamuyo, kuti ndalama za malipiro anu ochepawo zisapite m'madzi.

Apa ndiye pamene ambiri amagwera. Munthu ali ndi kalasi yodzaza, banja, munda wa mbatata ya kachewere, ndiye amawerengera kungodutsa kuti atenge pepala akwezedwe. Digiri ya pass idzakulowetsani ku sekondale, koma ku yunivesite idzakutsekerezani kuposa mapointi 24 aja, ndipo simungailembenso mosavuta monga Fomu 4. Ngati cholinga ndi kafukufuku, simesita yoyamba yomwe muyilimbire. Kambiranani ndi a kunyumba pasadakhale za nthawi ndi ndalama, ndipo a PEA adziwe msanga kuti nkhani ya tchuthi chophunzirira isadzakudzidzimutseni.

Kulembanso Fomu 4 ndingakuvomerezeni pokhapokha ngati Chingerezi, kapena phunziro lomwe mukufuna kudzaphunzitsa monga Masamu kapena Biology, munapeza 7 kapena 8. Zikatero lembani, mutafunsa kaye ku koleji yomwe mukufunayo ngati imalola kuphatikiza zotsatira za zaka ziwiri. Ngati zonse zili ndi credit, chaka chimenecho musachitaye.

Za kafukufuku musadikire digiri. Muli ndi zimene ophunzira a ku Zomba amachita kukwera basi kudzafuna. Tengani kope, lembani kuti ndi ana angati amajomba pa tsiku la msika, angati amasowa nthawi yokumba mbatata, ndi momwe ana okhala m'malire a Mozambique akuwerengera poyerekeza ndi anzawo. Musalembe mayina a ana, ndipo a hedi adziwe chomwe mukuchita. Tsiku limene adzakufunsani mutu wa Masters, kope limeneli ndilo mudzayambirepo.

Mlangizi