Kutsuka ndi Kupukuta Galimoto Pakhomo

Anzanga, tikatsekera sukulu aliyense wa ife amakapeza ntchito ikumudikira kwawo. Ena amasenda mtedza, ena amasosa m'munda, enanso amathandiza makolo kugulitsa m'sitolo. Ine pa tchuthi chapitachi ndinapatsidwa ntchito yotsuka galimoto ya amalume. Poyamba ndinkayesa kuti ndi ntchito yosalira nzeru, yoti ngakhale mwana wa Sitandade 1 angathe kuichita. Koma ndinkangodzinamiza, ndipo ndifuna kukusimbirani zimene ndinaphunzira, kuti inu musadzagwe m'mbuna imene ndinagwamo ine.

Amalume ali ndi galimoto yaing'ono yakuda ya mtundu wa Toyota. Anaigula yogwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo inatsikira pa doko la Dar es Salaam monga zimachitira galimoto zambiri za kwathu kuno. Tsiku ndi tsiku amanyamula anthu kuchokera pa boma la Mchinji kupita ku chipata cha m'malire, chimene anzathu a ku Zambia amachitcha Mwami, mtunda wa makilomita pafupifupi 12. Masiku ena amafika pa Kamwendo, ndipo anthu akawachita hayala amalowa m'misewu ya fumbi ya m'midzi. Galimoto imeneyi ndiyo munda wathu. Ndiyo imatigulira ufa, ndiyonso imandilipirira fizi pano pa sukulu. Amalume akulingalira zodzaigulitsa kuti agule yokulirapo, ndipo amakonda kunena kuti munthu wogula galimoto amayamba waona penti asanamve kulira kwa injini.

Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti amalume anasiya galimoto pakhomo napita ku maliro. Inali mbuu ndi fumbi lofiira. Ine pofuna kuwakondweretsa ndinatenga buluku lakale long'ambika, ndi kuyamba kupukuta fumbilo pouma, mwamphamvu, mozungulizazunguliza. Nditamaliza ndinasungunula sopo wa ufa wochapira zovala, ndi kuitsuka dzuwa lili paliwombo. Itauma ndinaima patali kuti ndinyadire ntchito yanga, koma mtima unangoti phaa! Pa boneti ponse panali timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude, ndipo pa zitseko panali mawanga oyera a sopo.

Amalume atabwera madzulo anaizungulira galimotoyo kawiri osalankhula kanthu. Kenaka anati, "Mphwanga, wagwiritsa chiyani apa?"

Ine ndinawaonetsa bulukulo, ndi kunena kuti, "Pepani amalume, ndimati ndikuthandizeni."

Iwo anati, "Ndaona kuti mtima wako unali wabwino. Koma safunsa anadya phula. Mawa udzuke m'mamawa, tipite kwa munthu wodziwa."

M'mawa mwake anapita nane kwa mmisiri wina wachikulire wopenta galimoto. Zambiri zimene ndalemba m'munsimu ndinazimva kwa bambo ameneyu, ndipo zina ndinafunsa aphunzitsi athu a sayansi titatsegulira sukulu.

Penti wa galimoto

Mmisiri uja anandiuza kuti chitsulo cha galimoto chimavala malaya atatu. Oyamba ndi penti wogwira chitsulo, amene amachitchinjiriza ku dzimbiri. Achiwiri ndi penti wa mtundu, amene timamuona kuti ndi wakuda, woyera kapena wofiira. Achitatu ndi opanda mtundu, oonekera ngati vanishi wa pa mipando, ndipo ndi amene amachititsa galimoto kunyezimira. Malaya achitatuwa anafala kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Galimoto zambiri zakale zinalibe, n'chifukwa chake ukamazipukuta ndi polishi nsanza imatenga mtundu wa galimotoyo.

Chimene chinandidabwitsa ndi ichi: malaya onse atatu pamodzi kuchindikala kwake kumangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Ndiye kuti ndi opyapyala pafupifupi ngati tsamba la kope limene timalembamo m'kalasi, ndipo malaya akunja aja sakwana ndi theka lomwe la pamenepo. Akatha, atha, sameranso monga khungu la munthu. Pamenepo penti wa mtundu amayamba kusuluka ndi dzuwa, kenaka madzi ndi mpweya zimafika pa chitsulo, dzimbiri n'kuyamba kudya.

Mdani wamkulu ndi fumbi

Ife timaona fumbi ngati ufa wofewa, koma aphunzitsi anandiuza kuti m'fumbi muli timchenga ting'onoting'ono tolimba kwambiri. M'chaka cha 1812 katswiri wa miyala wa ku Germany, Friedrich Mohs, anaika miyala m'ndandanda wa kulimba kwake kuyambira 1 mpaka 10. Dayamondi ali pa 10. Mwala umene umapanga mchenga wambiri uli pa 7, galasi la pa windo lili pakati pa 5 ndi 6, ndipo chikhadabo cha munthu chili pakati pa 2 ndi 3. Cholimba chimakanda chofewa. Tsono ngati mchenga ungathe kukanda galasi, nanga bwanji penti, amene ndi wofewa koposa galasi?

Apa ndipo ndinazindikira kulakwa kwanga. Pamene ndinkapukuta pouma, buluku lija linatola mchenga n'kusanduka sandipepa, ndipo dzanja langa ndilo linkakhula. Chifukwa chake lamulo lalikulu la ntchito imeneyi ndi ili: madzi ayambe, dzanja litsatire. Amene wasunga lamulo limeneli wadziwa theka la ntchito yonse.

Zofunika kukonzeratu

Pafunika ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo, ina ya madzi oyera. Kachitini kothirira madzi. Siponji kapena nsanza yofewa yopanda mabatani, zipi kapena misoko yokhuthala. Nsanza ina ya matayala okha. Ndi thaulo lofewa loumitsira. Sopo wabwino ndi wotsukira galimoto, amene amapezeka m'masitolo ogulitsa zipangizo za galimoto. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi waukali. Amachotsa phula lotchinjiriza penti, ndipo akaumira pomwepo amasiya mawanga. Ngati sopo wa galimoto palibe, ndi bwino kutsuka ndi madzi okha ochuluka. Nsanza ikagwa pansi musaigwiritsenso ntchito musanaichape, pakuti yatola mchenga.

Katsukidwe kake

Choyamba, imikani galimoto pamthunzi, ndipo tsukani m'mamawa kapena madzulo. Ikani chikhatho pa boneti. Ngati pakutentha, dikirani pazizire. Pa chitsulo chotentha madzi ndi sopo zimauma musanatsukuluze.

Chachiwiri, tsekani mawindo onse, ndipo thirani madzi galimoto yonse kuyambira pa denga kutsika m'munsi, osaikhudza ndi dzanja. Madzi amenewa amatsitsa fumbi lambiri ndi kufewetsa matope.

Chachitatu, viikani siponji m'madzi a sopo, ndi kutsuka denga, magalasi, boneti, kenaka zitseko. Yendetsani dzanja molunjika, mopepuka, osati mozunguliza kapena mokanikiza. Mukatsuka kachigawo kamodzi, tsukuluzani siponji m'ndowa ya madzi oyera musanaibwezere m'ndowa ya sopo. Ichi ndicho chifukwa chake ndowa zikhale ziwiri. Mukatha ntchito mudzayang'ane pansi pa ndowa yachiwiriyo, mudzaona mchenga umene ukanabwerera pa penti.

Chachinayi, m'munsi mwa zitseko ndi matayala mutsuke pomalizira, ndi nsanza yake yake, popeza kumeneko ndiko kumakhala matope ndi mchenga wambiri.

Chachisanu, tsukuluzani ndi madzi oyera, ndipo umitsani ndi thaulo lofewa nthawi yomweyo. Madzi a pa mjigo ndi a m'zitsime zina amakhala ndi mchere wa m'nthaka, womwe uja umasiya zoyera m'ketulo. Madzi otere akauma okha pa galimoto, mcherewo umatsala ngati timadontho toyera, makamaka pa penti wakuda. Madzi a mvula otungidwa mwaukhondo alibe vuto limeneli.

Ine ndowa zinayi zimandikwanira galimoto yonse. Ndipo tisamatsukire galimoto mumtsinje kapena pafupi ndi mjigo. Mtsinje wa Bua umayambira m'boma lathu lino n'kukathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota, ndipo sopo ndi mafuta zimene tingathiremo ife zimakapeza anthu, ziweto ndi nsomba za kumunsi.

Polishi ndi phula

Anthu ambiri amayesa kuti polishi ndi phula ndi chinthu chimodzi, koma ntchito zake n'zosiyana. Polishi wa galimoto ali ndi tizinthu tosalala kwambiri timene timapala pang'ono pamwamba pa penti mpaka timizere titafafanizika, monga mmisiri wa matabwa amapalira thabwa kuti lisalale. Motero polishi amachotsako penti. Munthu wopaka polishi sabata ndi sabata akudya malaya a galimoto yake. Kamodzi kapena kawiri pa chaka n'kokwanira.

Phula silipala kanthu. Ilo limayala kachikuto kopyapyala pamwamba pa penti, kuti madzi, fumbi ndi dzuwa zisamufike msanga. Phula lodziwika bwino pa ntchito imeneyi limatchedwa carnauba, ndipo limachokera ku masamba a mtengo wina wonga mgwalangwa umene umamera kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Brazil. Masiku ano liliponso lina lopangidwa m'mafakitale.

Musanapake chilichonse, galimoto ikhale yotsukidwa ndi youma bwino. Yendetsani chikhadabo modutsa pa mzere umene mufuna kuchotsa. Ngati chikhadabo sichikodwa, mzerewo uli pamwamba chabe, ndipo polishi angathe kuufafaniza. Ngati chikukodwa, mzerewo walowa mkati. Musalimbane nawo, ndi ntchito ya mmisiri. Yambani mwayesa polishi pa malo obisika. Kenaka ikani pang'ono pa nsanza yofewa, pakani kachigawo kofanana ndi chikuto cha buku lalikulu, ndipo pukutani ndi nsanza ina yoyera. M'mphepete ndi m'makona muzipepuza dzanja, pakuti penti amakhala wopyapyala kwambiri m'menemo.

Mukatha polishi pakani phula mopyapyala. Dikirani kufikira litachita mbuu, kenaka pukutani ndi nsanza youma mpaka galimoto itawala. Kupaka lambiri sikuonjezera kuwala, kumangovutitsa popukuta. Samalani kuti lisafike pa mapulasitiki akuda ndi pa malabala, chifukwa limasiya zoyera zovuta kuchotsa. Pofuna kudziwa ngati phula likadalipo, thirani madzi pa boneti. Akaundana timadontho tozungulira ngati pa tsamba la koko, phula lilipo. Akangoyala ponseponse, latha, ndipo nthawi yopakanso yakwana. Kuno kwathu kumene dzuwa ndi fumbi n'zambiri, amalume amapaka miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, makamaka mvula ikayandikira mu Novembala.

Zina zoononga penti

Zitosi za mbalame zili ndi asidi amene amadya penti, makamaka dzuwa likamatentha monga mu Okutobala. Musazipale ndi chala kapena kamtengo. Ikani nsanza yonyowa pamwamba pake kwa kanthawi, ndipo zikafewa muzichotse pang'onopang'ono. Utomoni wa mitengo, monga wa mango, umachita chimodzimodzi, motero mthunzi wa mtengo ndi wabwino potsukira koma si wabwino pogonekapo galimoto. Timadontho ta tala wa mumsewu timachoka ndi parafini pang'ono pa nsanza, koma pambuyo pake tsukanipo ndi sopo ndi kupakanso phula. M'nyengo ya dzinja musaiwale kuchotsa matope omatirira mkati mwa madigadi. Matope amasunga chinyontho masiku ambiri, ndipo dzimbiri limayambira mobisika momwemo, mwini wake ali kunyadira kuwala kwa pamwamba.

Mmene zinathera

Tinachoka kwa mmisiri uja ndi kabotolo ka polishi ndi kachitini ka phula. Ndalama zake zinali zimene amalume anandisungira zogulira nsapato za sukulu, choncho teremu ino ndabwera ndi zakale zomwe. Ndinagwira ntchito pa boneti ija madzulo atatu, kachigawo kamodzi kamodzi, amalume atakhala pa mpando pambali. Timizere tambiri tinafafanizika, koma iwiri inakana, imene inakandidwa ndi batani la chitsulo la buluku lija. Ndinawapempha kuti ndipitirize kukhula, koma iwo anati, "Leka, mphwanga. Ukapitiriza uboola malaya. Isiye izikukumbutsa."

Mizere iwiriyo ilipobe, ndipo tsiku lodzagulitsa galimoto wogula adzaiona n'kutsitsa mtengo. Chimenechi chimandipweteka mtima. Koma amalume sanandilande ntchitoyo. Loweruka lomaliza ndisanabwerere kuno anandipatsa makiyi kuti nditsegule ndi kusesa mkati momwe, chinthu chimene kale sankalola.

Anzanga, ambiri a ife kwathu kulibe galimoto, koma kuli njinga za kabaza ndi njinga zamoto, ndipo penti wake amafuna chisamaliro chomwechi. Enanso a ife tidzapeza ganyu yotsuka galimoto pa tchuthi. Mukadzapatsidwa chinthu cha mwini kuti muchisamale, yambani mwafunsa kuti chinapangidwa bwanji, ndipo musanatambasule dzanja, thirani madzi.

Mnyamata wa mu Fomu 3