Kalata ya ku Chiuaula: njira ya ku Makokola

Zikomo bambo athu a ku Chiuaula chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa komwe mungakamenye gofu m'mphepete mwa nyanja. Ine ndikuti wolokani malire mupite ku Makokola, m'boma la Mangochi, kuli bwalo la mabowo 9.

Lawirirani kukwera chapa (minibasi) kuno ku Lichinga, msewu wa N13 mpaka Mandimba. Kuchoka apo kukafika pa Chiponde pali kamtunda ndithu, mukwera kabaza, ndiye chikwama cha ndodocho muchigwiritsitse. Kenako Namwera, n'kutsetsereka phiri la msewu wokhotakhota, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kulowera msewu wa ku Monkey Bay. Ku Makokola kabwalo ka ndege kaliko, koma n'ka anthu a matumba olemera. Pasipoti musaiwale bambo, ndipo mukhale ndi makwacha musanachoke pa Chiponde.